Mbewu M'mimba mwa Ng'oma

Mvula yobzalira idagwa Lachiwiri, ndipo Loweruka m'mamawa a Blasius Kachingwe adali kale pa siteshoni ya Balaka, atafungatira ng'oma yawo monga mayi afungatirira mwana wodwala pamzere wa kuchipatala. Aliyense wowaona akadati n'chikondi cha mmisiri pa chipangizo chake, pakuti ng'omayo adaisema okha zaka makumi atatu zapitazo, yaikulu, ya zikopa ziwiri zokungidwa ndi zingwe, yonga ija amavinira beni. Koma chimene chidawaumitsa manja tsiku limenelo sichidali chikondi ayi. M'mimba mwa ng'omamo mudali kathumba ka mbewu ya chimanga, mbale zisanu ndi imodzi, kokutidwa ndi nsanza kuti kasagwedere.

Chidali chaka chachiwiri cha njala ija anthu adadya zitsa za nthochi ndi madeya osakaniza ndi utuchi. Anthu ena a m'tauni, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, adapangana zokonza ulendo umene adautcha Sitima ya Nyimbo. Oimba ankakwera sitima ya ku Nayuchi n'kumaimba m'mabogi ndi pa siteshoni iliyonse, ndipo wokonda nyimbo aliyense wofuna kutsagana nawo ankabwera ndi mbale imodzi ya chimanga, n'kuthira m'matumba okagawira anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Uwu udali ulendo wachitatu. Pa ulendo wachiwiri thumba limodzi lidasowa pakati pa Nkaya ndi Liwonde, ndipo kuyambira pamenepo a Raymond, wapampando wa komiti, adakhazikitsa lamulo lakuti chimanga chilichonse chokwera sitimayo n'cha m'matumba. Wopezeka nacho m'katundu wake ndiye wakuba uja akhala akumufuna.

A Kachingwe sadali wakuba. Mbewuyo idali ya mtundu umene adawasiyira malemu akazi awo, a Thokozire, chimanga chamakolo chimene pokolola amasankha chokhwima bwino n'kuchipachika kudenga, pamwamba pa mafuwa, kuti utsi uchitchinjirize kwa anankafumbwe. M'mwezi wa Okutobala, pamene ankagonera madzi okha kwawo kwa Kalembo, ankachiyang'ana chili lende pamutu pawo, koma sadachikhudze. Tsono masiku khumi apitawo wogulitsa nsomba wina adawabweretsera kalata ya Ida, mwana wawo wamkazi wokwatiwa ku Namanja, amene mwamuna wake adapita ku Mozambiki kukasaka ganyu osabwerako. "Ababa," idatero kalatayo, "munda ndalima, mizere ndaunga, koma mbewu tinadya. Mvula ikagwa ndidzangoiyang'ana."

Mvula tsono idagwadi, ndipo chinyontho sichidikira munthu. Atabzala kamunda kawo Lachitatu, adatong'ola chotsalacho, naganiza za ulendo wa Loweruka, umene iwo monga woomba ng'oma adali nawo malo. Kukanena poyera kwa a komiti kukadatanthauza kuti mbewuyo ithiridwe m'matumba, ikagayidwe, idyedwe tsiku limodzi ndi anthu osadziwa n'komwe chimene adya. Choncho adamasula chikopa chimodzi cha ng'oma, nalongamo kathumbako, nakunganso zingwe, natumiza mawu kwa Ida kuti mbewu ikubwera pa sitima ya Loweruka.

"Tsegulani chikwama, bambo," adatero a Raymond pakhomo la bogi. Adali munthu wa malaya oyera ositidwa bwino, amene njala idamusiyira kolala yaikulu kuposa khosi.

M'chikwamamo mudangopezeka malaya osinthira, korona, ndi chibonga choombera ng'oma.

"Nanga ng'omayi ndikukwezereni?"

"Iyayi, mwana wanga, zikomo. Iyi ndi nkhalamba inzanga. Siizolowera manja achilendo."

Adakwera, thukuta lili chuchuchu ngakhale kunja kudali kamphepo, nakhala pangodya, ng'oma ili pakati pa miyendo.

Sitima itangodzuka, a Sadiki adayambitsa nyimbo. Iwowa ndiwo adali mtsogoleri wa gululo, mwamuna wansangala wa ku Ntaja, woimba gitala, wa mawu otha kudzutsa mudzi. Akodiyoni idalandira, timing'oma ting'onoting'ono tidalowa, anthu odzaza bogi lonse adayamba kuomba m'manja, ndipo idakwana nthawi yakuti ng'oma yaikulu iyale mphasa yoti nyimbo yonse ikhalepo. A Kachingwe adakweza chibonga, natsitsa. Ng'oma imene masiku onse inkamveka mpaka kutsidya kwa Shire idangoti phu, phu, ngati munthu akupuntha mtolo wa zovala zonyowa.

"A Kachingwe!" adafuula mayi Emmie, wogulitsa matimati pamsika wa Balaka, amene sadaphonyepo ulendo ndi umodzi womwe ndipo pakamwa pawo padalibe chitseko. "Ng'omayo nayonso inagona ndi njala? Ipatseni phala, abale!"

Bogi lonse lidafa ndi phwete. A Sadiki adawerama, zala zikadali pa gitala.

"Ambuje, chachitika n'chiyani? Wallahi, ikulira ngati dzungu."

"Ndi chinyezi, Che Sadiki. Mvula ya Lachiwiri ija yalefula chikopa."

Mawuwo atangotuluka, a Kachingwe adazindikira kuti adzitchera okha msampha. Pakuti woomba ng'oma aliyense, ngakhale wophunzira dzulo, amadziwa mankhwala a chikopa cholefuka.

"Ngati n'choncho musadandaule," adatero a Sadiki mokondwa. "Pa Liwonde tikaima nthawi yaitali. Tikasonkha moto, tikaiwambe mpaka ilankhule."

Mbewu imakonda utsi, koma imadana ndi moto. Njere imene yamva kutentha imaoneka yabwinobwino, pamene mtima wake udafa kale. Uibzala, udikira sabata yathunthu, ufukula, n'kupeza yaola. A Kachingwe adazidziwa izi monga adziwira dzina lawo, ndipo kuchokera pamenepo kugogoda kwa magudumu panjanji kudali ngati kuwawerengera nthawi.

Adayang'ana pawindo. Uku ndi uku anthu adali balalabalala m'minda, wina akuboola mapando ndi khasu, wina akuponya njere n'kukwirira ndi chidendene. Koma pakati pa minda yotereyi padalinso ina yolimidwa bwino, mizere yake yowongoka, yonyowa, yopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Ndipo munda uliwonse wotero unkawaonetsa nkhope ya Ida. Pa Nkaya amayi adathamangira kumawindo ndi mango aawisi ophika, ndipo oimba adatsika naimba nyimbo ziwiri. A Kachingwe adaombera ng'oma yawo pakhomo la bogi, mofatsa, kuti manyazi ake abisike m'phokoso la anzawo.

Sitima itanyamukanso, adayamba kusinkhasinkha njira zopulumukira, ndipo iliyonse inkathera pachipupa. Akatsike pa Liwonde ayende pansi? Ku Namanja ndi masiku awiri kwa munthu wamiyendo yabwino, pamene yawo idali yotupa, ndipo nkhalamba yothawa ndi ng'oma pamutu ikadakhala yodziulula yokha. Awanong'oneze a Sadiki? M'bogimo munthu sakadatsokomola popanda anthu asanu kumva. Adakumbukira za mwamuna wina kwa Kalembo, m'mwezi wa Malichi, amene adagwidwa ndi chimanga chachiwisi chitatu chokha. Adamumenya anthu amene adakula naye, ndipo dzanja lake lamanja mpaka lero siligwira khasu. Adamuona ndi maso awo, ndipo chimene chidawaopsa koposa n'chakuti omenyawo sadali anthu oipa.

Mlatho wa Shire udalira pansi pawo. Madzi adali ofiira ndi dothi la mvula yoyamba, anamasupuni akuyandama pang'onopang'ono ngati alibe kopita. Mayi Emmie ankatsogolera amayi anzawo nyimbo ya chinkhoswe, akuvina ndi mapewa okha chifukwa cha kupanikizana. A Kachingwe adapisa dzanja m'chikwama nagwira korona, koma sadathe kumaliza ngakhale pemphero limodzi.

Pa Liwonde padali chinamtindi cha anthu. Ena adabwera ndi mbale zawo za chimanga kuti akwere nawo, koma ambiri adangobwera kudzamva nyimbo, popeza nyimbo ndicho chokha chimene chidatsala chosagulitsa. Pambali pa njanji, pamalo oyera, oimba adasonkha moto wa udzu wouma ndi makatoni, ndipo timing'oma tija tidandandalikidwa mozungulira, eni ake akutiomba ndi chala kuti amve ngati takungika.

"Bweretsani gogoyo, ambuje," adatero a Sadiki.

"Ndayesa kukoka zingwe m'njiramu. Mwina ikhala bwino chomwechi."

"Iyayi, iyayi! Anthu onsewa abwerera ng'oma yanu. Kodi mufuna akanene kuti a Kachingwe anatha?"

Anthu adayamba kuitanira ng'oma ndi m'manja. A Kachingwe adainyamula, naigoneka chapatali ndithu ndi moto. A Sadiki adaseka, naikankha ndi phazi mpaka chikopa chidayang'anizana ndi malawi, ndipo chidali chikopa chomwe chija kathumba kadatsamirako. A Kachingwe adanjuta, nayika chikhato pachikopapo monga achitira woomba ng'oma aliyense. Poyamba chidali chozizira. Kenaka chidafunda. Adamva ubweya wotsalira m'mphepete ukuyamba kununkha, ndipo kufundako kudakwera m'chikhato mwawo pang'onopang'ono mpaka kudayamba kuluma. Adaona munda wa Ida, mizere yake yonse, ndi Ida yemwe akufukula phando ndi chala pakatha sabata. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adaikoka ng'omayo mwamphamvu, naigubuduzira kutali ndi moto.

Pogubudukapo, chinthu chidagwa m'kati mwake, chidati di!

A Sadiki adaima chilili. Adaigwira ng'omayo m'zingwe, naikweza pang'ono, naitsitsa. Nkhope yawo yosekaseka ija idasintha.

"Ambuje," adatero motsitsa mawu, "muli chiyani umu?"

Koma a Raymond adali pomwepo, ndipo adamva. Adamvanso ena amene adali pafupi, ndipo mawu adayenda m'khamulo monga moto uyendera m'tchire la chilimwe. Kumbuyo, kumene anthu sadaone kanthu, ndiko kudachokera liwu loyamba lakuti, "Wakuba!" Wina adati thumba lija lapezeka. Wina adatola mwala wa panjanji. Bwalo lidayamba kuchepa.

"Masulani, bambo," adatero a Raymond, pakuti nawonso adaona mwalawo. "Masulani msanga, anthu aone."

"Ndimasula ndekha. Wina asaike mpeni pazingwe zanga."

Adagwada pambali pa ng'omayo. Mfundo imene masiku onse inkamasuka ndi kukoka kumodzi idakana katatu. Potsiriza chikopa chidayadzamuka, nsanza zidatuluka, ndipo pambuyo pake kathumba kaja. A Raymond adakatsegula, anthu nasuzumira.

"Chimanga!"

"Ndi changa," adatero a Kachingwe, koma mawu awo sadapitirire anthu atatu. "Ndi mbewu ya mwana wanga."

Amene adang'amba bwalolo ndi zigongono adali mayi Emmie. Adalanda kathumbako m'manja mwa a Raymond, natapa njere, nazinunkhiza, nazitambasulira pachikhato.

"Iwe wamwalawe, bwera kuno!" adafuula. "Bwera, usabisale kumbuyo kwa anzako. Nunkhiza apa. Ukumva chiyani?"

Mwamunayo adayandikira monyinyirika, nanunkhiza. "Utsi."

"Utsi! Ndi mwaye uwu, taonani m'manja mwangamu mmene mwadera. Ine ndaima pamatumba aja maulendo atatu, ndikudziwa chimene anthu amathiramo: chachikasu cholandira chija, ndi choyera cha kumsika chofumbwa. Ichi n'chamakolo, cholimba ngati mwala, china chofiirira, china chamawangamawanga. Chakhala kudenga miyezi isanu ndi iwiri. Ndani mwa inu anathira chimanga cha kudenga m'thumba la komiti? Aimike dzanja timuone wamisalayo!"

Padamveka kuseka pang'ono, kwamanyazi. Amayi ena adayandikira, aliyense kutapa, kununkhiza, n'kugwedeza mutu movomereza. Mwala uja udagwa pansi mwakachetechete.

"Tamva, mayi," adatero a Raymond, akupukuta nkhope. "Sanabe. Komabe lamulo ndi lamulo. Chimanga chokwera sitima iyi n'cha m'matumba."

"Mukagaye mbewu, a Raymond? Mwezi wa Disembala, mvula itagwa? Sukulu yanuyo inakuphunzitsani kudya mazira nkhuku ili pamwamba?"

A Raymond adayang'ana kumbali. A Kachingwe adapuma kwa nthawi yoyamba chichokere ku Balaka, natambasula dzanja kuti alandire kathumba kawo.

Pamenepo ndipo mkulu wina wa chikofiya choyera, woonda ngati bango, amene anthu ankamutchula kuti Che Swaibu, adagwada pamaso pawo ataphatikiza zikhato.

"Achimwene," adatero, "ine yanga tinadya pa maliro a mdzukulu wanga. Sindikupempha chakudya. Ndikupempha mbewu."

A Kachingwe adabweza dzanja lawo. Chakudya munthu ukhoza kumana mnzako pa njala, ndipo palibe angakudzudzule. Koma wopempha mbewu sabwezedwa chimanjamanja. A Thokozire sadabwezepo munthu wotero pa moyo wawo wonse, ndipo ankati mbewu yomanidwa imakwiya m'nthaka. Kumbuyo kwa Che Swaibu kudaima kale mayi wina wobereka mwana, kumbuyo kwa mayiyo ena awiri, ndipo mzere udayamba kudzipanga wokha.

"Apatseni," adatero a Kachingwe.

"Ndiwapatsa, koma osati ndi manja," adatero mayi Emmie. "Manja a anthu ena ndi mafosholo. Che Sadiki, bweretsani kabokosi ka machesi mwayatsira motowo."

Kabokosi kamodzi munthu mmodzi, kosefukira pang'ono. Olandira ankamangirira njerezo pangodya ya chitenje kapena m'mpango, ena osanena n'komwe zikomo chifukwa cha misozi. A Kachingwe adakhala pansi n'kuyamba kubwezera chikopa pang'oma, kuti manja akhale ndi chochita, koma maso awo sadachoke pakathumbako. Kankafota akuona. Khosi lake, limene poyamba lidali losamangika chifukwa cha kudzaza, tsopano lidayamba kugwa chammbali. Mzere sunkafupika, akachoka awiri, ankabwera atatu. Adafuna kufuula kuti basi, koma akayang'ana nkhope ya woima kutsogolo, liwulo linkabwerera m'mimba.

Sitima idaliza wezulo.

"Yatha!" adatero mayi Emmie nthawi yomweyo, akupotokola khosi la kathumbako ndi kulimanga mfundo ziwiri. "Otsalanu mukapemphe kwa anzanu alandirawa, nawonso aphunzire kupatsa. Kwerani, a Kachingwe, musandiyang'ane ngati ng'ombe."

M'bogi muja adawaponyera kathumbako pamiyendo. Iwo adakagwira mbali ndi mbali, kufunafuna pamene padayang'ana moto.

"Mayi, kodi sinapse?"

"Ndinapisa dzanja mpaka pansi musanaganize n'komwe zofunsa. Inangofunda ngati dzira la nkhuku yofungatira. Imera."

Adakabisa m'malaya, pamimba, namanga lamba pamwamba pake. A Sadiki adakhala pafupi nawo, nawathandiza kukoka zingwe zotsala.

"Mukanandiuza, ambuje. Ine ndi phazi langali ndikanapha munda wa mwana wanu."

"Ndikanakuuzirani pati, Che Sadiki? Inu mukanong'ona amamva ku Ntaja."

Asanafike pa Molipa dzuwa lidatuluka, ndipo ng'oma yopanda kanthu ija, chikopa chake chimodzi chitawambidwa kale, idalira mpaka mawindo adanjenjemera. Anthu adavina mothinana momwemo. Mayi Emmie adalengeza kuti gogoyo wamwa phala lake tsopano. A Kachingwe ankaomba, koma dzanja lamanzere linkapita pamimba kawirikawiri, kuyeza chimene chatsala, ndipo mtima udali pa zimene akanene kwa Ida.

Pa Namanja sitima siikhalitsa. A Kachingwe adamuona Ida ali chiimire pansi pa mtengo wa mango, khasu lili paphewa, ataonda kotero kuti adamuzindikira ndi chitenje cha malemu amayi ake. Adatsika mothamanga monga miyendo idawalolera, nasolola kathumbako, namupatsa.

Ida adakayeza m'manja mwake.

"Munatumiza mawu kuti mbale zisanu ndi imodzi, ababa."

"Zinali zisanu ndi imodzi pochoka ku Balaka. Anthu anapempha pa Liwonde."

Ida adamasula mfundo zija, nanunkhiza, natseka maso pang'ono.

"Zitatu zilipo," adatero. "Njere ndiziponya ziwiriziwiri paphando m'malo mwa zitatu. Munda wakumtunda udikire chaka chamawa."

"Ubzale lero lomwe, mwanawe. Chinyontho chikupita."

"Nanga khasuli ndatengera chiyani?"

Wezulo idaliranso. A Sadiki adasuzumira pawindo, akufuula kuti ng'oma ikuzizira. A Kachingwe adakwera sitima itayamba kale kuyenda, manja a anthu atatu akuwakoka, ndipo atatembenuka kuti atsazike, Ida adali atalowa kale m'kanjira ka kumunda, kathumba kali pamutu, osacheuka.